Mmene a Eugene Shoemaker anawerengera zakumwamba m'miyala ya pansi

Madzulo a pa 2 June 2018, dzuwa litangolowa, anthu ena ku Botswana ndi kumpoto kwa South Africa anaona chimoto chikudutsa kuthambo, chikuwala koposa mwezi wathunthu, kenako n'kuphulika. Chimotocho chinali mwala wosafika mamita atatu kukula kwake, umene unalowa mumpweya wozungulira dziko lapansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, liwiro loti mtunda wochokera kuno ku Lusaka kukafika ku Kabwe ungautsirize m'masekondi 8 okha. Miyala yaing'ono chotere imagwa nthawi ndi nthawi, ndipo yambiri imagwera m'nyanja popanda woiona. Chachilendo pa mwala umenewu chinali chakuti unali utaonedwa kale maola pafupifupi 8 usanagwe, ndi telesikopu ya gulu la Catalina Sky Survey ku Arizona m'dziko la America, ndipo unadzapatsidwa dzina lakuti 2018 LA. Ambirife kuno nkhaniyi inatidutsa, ngakhale kuti Botswana ndi mnansi wathu amene timagundana naye malire pa Kazungula.

Kuti pakhale anthu olipidwa kuchezera usiku wonse akusakasaka miyala yotere, panayenera kupezeka kaye munthu woti atsimikizire akatswiri anzake kuti kugwa kwa miyala yochokera kumwamba si nthano ayi, komanso kuti sikunathe kalekale pamene dziko linkapangika. Munthu amene anagwira mbali yaikulu ya ntchito imeneyi ndi a Eugene Shoemaker, ndipo chimene chimandikopa pa mbiri yawo n'chakuti sanayambe ngati katswiri wa nyenyezi. Anali katswiri wa miyala, woyenda ndi nyundo ndi mapu, wofanana ndi ana athu amene amaphunzira ku School of Mines pa UNZA.

Tisanalowe m'mbiri yawo, ndi bwino kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Dzuwa ndi mapulaneti ake zinapangika zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo kuchokera ku mtambo wa fumbi ndi mpweya, ndipo si zonse zimene zinaumbika kukhala mapulaneti. Zotsalira zina ndi miyala ndi zitsulo, zimene akatswiri amazitcha ma asteroid, ndipo zambiri zimazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter. Chachikulu mwa izo ndi Ceres, chimene a Giuseppe Piazzi anachipeza pa 1 January 1801, ndipo n'chotambalala makilomita pafupifupi 940. Zotsalira zina zinapangikira kutali kwambiri ndi dzuwa, kumene kumazizira koopsa, choncho zili ndi madzi oundana osakanikirana ndi fumbi. Zimenezi zikayandikira dzuwa zimayamba kutulutsa mpweya ndi fumbi, n'kukhala ndi mchira wowala umene nthawi zonse umaloza kumbali yosiyana ndi dzuwa, ndipo n'chifukwa chake timazitcha nyenyezi za mchira, ngakhale kuti si nyenyezi zenizeni. Koma kuwala kuja timakuona usiku n'kumati nyenyezi yathothoka, kumene ena kumudzi amati ndi afiti ali paulendo, kawirikawiri kumakhala kachidutswa kochepa ngati mchenga kapena njere ya chimanga kamene kakupsa mumpweya.

A Shoemaker anabadwa pa 28 April 1928 ku Los Angeles. Analowa ku California Institute of Technology ali ndi zaka 16, anatenga digiri yoyamba mu 1947 ndi yachiwiri mu 1948, kenako analembedwa ntchito ku United States Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza miyala. Ntchito yawo yoyamba inali yosaka yureniyamu m'madera a Colorado ndi Utah. Ntchito yomweyo inawafikitsa kuchipululu cha Nevada, kumene boma la America linkayesera mabomba a nyukiliya, ndipo kumeneko anajambula mapu a maenje amene mabombawo ankasiya akaphulitsidwa pansi pa nthaka. Zimene anaona m'maenje amenewa ndi zimene zinawatsegula maso atakafika pa chidzenje china cha ku Arizona chimene akatswiri anali atakanganirana kwa zaka zoposa 60.

Chidzenjecho chimatchedwa Meteor Crater. N'chotambalala makilomita pafupifupi 1.2 ndipo n'chakuya mamita pafupifupi 170, moti nyumba ya Findeco House mutaiimika pansi pake n'kusanjikapo ina, ziwirizo zikhoza kungosuzumira pang'ono pamwamba. Mu 1891 katswiri wotchuka wa miyala, a Grove Karl Gilbert, anachiyendera n'kugamula kuti chinapangika ndi kuphulika kwa nthunzi yochokera pansi pa nthaka. Katswiri wa migodi, a Daniel Barringer, sanavomereze. Iwo ankakhulupirira kuti chinakumbidwa ndi chitsulo chochokera kumwamba, pakuti m'chipululu chozungulira dzenjelo munali mbwee zidutswa za chitsulo, ndipo kuyambira mu 1903 anathera chuma chawo akuboola pansi pofuna kupeza chimtanda chachitsulocho kuti achigulitse. Anamwalira mu 1929 asanachipeze. A Barringer ankanena zoona pa chiyambi cha dzenjelo, koma analakwitsa poganiza kuti chitsulocho chinali chikadali m'menemo chathunthu.

Chifukwa chake chagona pa liwiro. Chinthu chikathamanga kawiri kuposa poyamba, mphamvu imene chimagunda nayo imachuluka kanayi, ndipo chikathamanga kakhumi, mphamvuyo imachuluka ka 100. Chitsulo chothamanga makilomita 12 pa sekondi chimanyamula mphamvu yoposa ka 15 mphamvu ya zophulitsira miyala zolemera mofanana nacho. Chikagunda nthaka sichikumba ngati khasu kapena kulowa ngati chipolopolo, koma mphamvu yonseyo imatuluka pakamphindi kamodzi, ndipo mbali yaikulu ya chitsulocho imasungunuka kapena kusanduka nthunzi n'kumwazika. N'chifukwa chake maenje otere amakhala ozungulira ngakhale mwala utabwera chopendekera, komanso n'chifukwa chake dzenje limakula kwambiri kuposa chimene chinalikumba. Chitsulo cha ku Arizona chinali cha mamita pafupifupi 50 okha, ndipo chinagwa zaka pafupifupi 50,000 zapitazo.

Umboni umene a Shoemaker anapeza ndi wosavuta kuumva kwa aliyense amene anaonapo anthu akukumba chitsime. Okumba amayamba kuchotsa dothi lakuda la pamwamba n'kuliunjika pambali, kenako amafika pa katondo wofiira n'kumuthira pamwamba pa lakuda lija, ndipo pomaliza amatulutsa timiyala ta pansi penipeni, timene timakakhala pamwamba pa mulu wonse. Mukaudula muluwo pakati mupeza kuti dongosolo la nthaka latembenuzika: chimene chinali pansi chili pamwamba. Ku Arizona miyala inayalana mooneka bwino, wofiira wa Moenkopi pamwamba, wa laimu wa Kaibab pakati, ndi wamchenga woyera wa Coconino pansi. A Shoemaker anayenda m'mphepete mwa dzenjelo akujambula mwala uliwonse pa mapu, ndipo anapeza kuti miyalayo inanyamulidwa n'kupindidwira kunja ngati bulangete lopindidwa, moti Coconino ali pamwamba pa Kaibab, ndipo Kaibab ali pamwamba pa Moenkopi. Kupindika kofananako anali atakuona kale m'maenje a mabomba ku Nevada. Kafukufuku ameneyu ndi amene anawapatsa digiri yapamwamba ya PhD ku Princeton University mu 1960, ndipo ine ndimaona kuti mapu amenewa ndiwo ntchito yawo yaikulu koposa, ngakhale kuti dzina lawo linadzatchuka ndi chinthu china.

Chaka chomwecho cha 1960 panapezeka umboni wachiwiri umene unatseka pakamwa otsutsa. Mchenga wambiri ndi mwala wotchedwa quartz, ndipo mwala umenewu ukapanikizidwa koopsa umasintha kapangidwe kake ka mkati n'kukhala wina wolemererapo wotchedwa coesite. Coesite anapangidwa koyamba m'labotale ndi a Loring Coes mu 1953, ndipo panalibe amene anali atamupeza m'chilengedwe. A Edward Chao, pamodzi ndi a Shoemaker, anamupeza m'miyala yamchenga ya ku Meteor Crater. Phiri lophulika silingapanikize miyala ya pamwamba pa dziko kufika pamenepo. Atapeza chizindikiro chimenechi, a Shoemaker anapita nacho ku Germany, ku chigwa cha Ries chotambalala makilomita pafupifupi 24, chimene akatswiri a kumeneko ankati ndi phiri lakale lophulika. Namonso munapezeka coesite, ndipo zinadziwika kuti ngakhale tchalitchi chachikulu cha m'tauni ya Nördlingen, imene ili m'kati mwa chigwacho, chinamangidwa ndi miyala imene inasweka ndi kusungunuka pa kugunda kwa zaka pafupifupi 15 miliyoni zapitazo.

Maso awo anali pa mwezi kuyambira ali mnyamata, ndipo ankalakalaka kukhala katswiri wa miyala woyamba kupondako. Mu 1961 anayambitsa nthambi yofufuza miyala ya kumwezi ndi mapulaneti m'bungwe lawo lija, imene inadzakhazikika ku Flagstaff ku Arizona. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankaganizabe kuti maenje a pa mwezi ndi a mapiri ophulika. A Shoemaker anasonyeza kuti dzenje ngati Copernicus lili ndi zizindikiro zonse za kugunda, ndipo anathandiza kukhazikitsa njira yodziwira msinkhu wa malo powerenga maenje ake. Ganizirani mvula yoyamba ya mu November ikamadontha pa fumbi la pabwalo: pamene pakhala poyera kuyambira pachiyambi pamakhala timaenje tambiri ta madontho, koma pamene mwangochotsapo mphasa pamakhala tochepa. Chimodzimodzinso pa mwezi, malo odzaza maenje ndi akale, ndipo zigwa zakuda zosalala zimene timaziona ndi maso zinakutidwa ndi chiphalaphala pambuyo pake. Miyala imene inabwera ndi chombo cha Apollo 11 mu 1969 kuchokera m'chigwa chimodzi chotere itayezedwa, inapezeka kuti ili ndi zaka zoposa 3.5 biliyoni, ndipo kuyambira pamenepo kuwerenga maenje kunatha kusandutsidwa zaka zenizeni.

Iwo eni sanapite kumwezi. Madokotala anawapeza ndi matenda a Addison, amene amafooketsa tiziwalo totulutsa timadzi tina tofunika m'thupi (mahomoni), ndipo izi zinawatsekera mwayi. M'malo mwake anaphunzitsa opitawo kuona miyala monga katswiri amaionera, akumawatengera ku Meteor Crater, ndipo anatsogolera gulu la akatswiri a miyala pa maulendo oyambirira a Apollo. A Harrison Schmitt, katswiri wa miyala amene anayenda pa mwezi mu December 1972, anagwirapo ntchito m'nthambi yawo ya ku Flagstaff. Mu 1969 a Shoemaker anabwerera ku California Institute of Technology monga pulofesa ndi mkulu wa gawo la maphunziro a miyala ndi mapulaneti.

Apa m'pamene funso lawo linatembenuka. Ngati mwezi ukugundidwa, ndiye kuti dziko lapansi, limene ndi lalikulu ndipo lili m'dera lomwelo, likugundidwanso, kungoti mvula, mitsinje, nyanja ndi kusuntha kwa nthaka zimafafaniza zipsera zake. Nanga zogundazo zili kuti, ndipo n'zingati? Maenje amatiuza zimene zinachitika kale, koma kuti munthu adziwe ngati kugundako kukupitirira pa mlingo womwewo, ayenera kuwerenga miyala imene ikudutsa pafupi ndi njira ya dziko lero. Mu 1973 a Shoemaker ndi Mayi Eleanor Helin anayamba kusaka miyala yotere mwadongosolo pa phiri la Palomar ku California, pogwiritsa ntchito telesikopu yaing'ono ya masentimita 46. Nthawi imeneyo miyala yodziwika yodutsa pafupi ndi dziko inali yochepa kwambiri, ndipo akatswiri ambiri a nyenyezi ankaiona ngati yosayenera kutayira nthawi. Maganizo anayamba kusintha mu 1980, pamene a Luis Alvarez ndi mwana wawo Walter, pamodzi ndi anzawo, anasonyeza umboni wakuti mwala wa makilomita pafupifupi 10 ndi umene unathetsa nyama zikuluzikulu zakale zotchedwa dinosaur. Dzenje lake, la Chicxulub ku Mexico, linadzatsimikizika patapita zaka pafupifupi khumi, ndipo lili ndi zaka 66 miliyoni.

Mu 1980 momwemo akazi awo, Mayi Carolyn Shoemaker, analowa ntchitoyi ali ndi zaka 51, ana atakula. Iwo anaphunzira za mbiri yakale ndi ndale, osati sayansi, koma anali ndi diso lakuthwa ndi mtima wodekha. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kotere. Usiku ankajambula dera limodzi la thambo pa filimu, n'kudikira pafupifupi ola lathunthu kapena kucheperapo, kenako n'kulijambulanso. Mafilimu awiriwo ankawaika pa makina oonera ndi maso onse awiri, diso lililonse likuona filimu yake. Nyenyezi zenizeni, zimene sizisuntha, zinkaoneka zitagona pamalo amodzi athyathyathya, koma kanthu kalikonse kamene kanasuntha pakati pa zithunzi ziwirizo kankaoneka ngati kakuyandama pamwamba pa zinzake. Mayi Shoemaker ankakhala maola ambiri akusanthula timadontho zikwizikwi pofuna kadontho kamodzi koyandama, ndipo mwa njira imeneyi anapeza nyenyezi za mchira 32 ndi ma asteroid mazanamazana.

Mu March 1993, a Shoemaker ndi akazi awo, ali limodzi ndi a David Levy, anajambula dera la pafupi ndi Jupiter usiku wa mitambo, pogwiritsa ntchito filimu imene inali itawonongeka pang'ono ndi kuwala. Pa filimuyo Mayi Shoemaker anaona chinthu chooneka ngati nyenyezi ya mchira yophwanyidwa, yotalika ngati kamzere m'malo mokhala kadontho. A Jim Scotti anaitsimikizira ndi telesikopu yokulirapo ku Kitt Peak, ndipo inatchedwa Shoemaker-Levy 9. Owerengera njira zake anapeza kuti siinkazungulira dzuwa mwachindunji koma inali itagwidwa ndi Jupiter, ndiponso kuti mu July 1992 inadutsa pafupi kwambiri ndi pulanetiyo, moti mphamvu yokoka ya Jupiter, pokoka mbali yoyandikira koposa mbali yakutali, inaing'amba kukhala zidutswa 21 zondondozana ngati mikanda. Anapezanso kuti zidutswazo zidzagunda Jupiter chaka chotsatira.

Zinaterodi kuyambira pa 16 mpaka pa 22 July 1994. Zidutswazo zinalowa pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa sekondi, telesikopu ya Hubble inajambula utsi wokwera makilomita pafupifupi 3,000 pamwamba pa mitambo ya Jupiter, ndipo chidutswa chotchedwa G chinasiya chipsera chakuda chotambalala ngati dziko lathu lonse. Aka kanali koyamba kuti anthu aone ndi maso zinthu ziwiri za m'mlengalenga zikugundana, atadziwiratu tsiku lake. Zimene a Shoemaker anaziwerenga m'miyala yopindika ya ku Arizona zaka zoposa 30 m'mbuyomo, tsopano aliyense wokhala ndi telesikopu yaing'ono ankatha kuona zipsera zake. Mu 1998 bungwe la NASA linapatsidwa ntchito yopeza miyala 90 pa 100 iliyonse ya kilomita imodzi kapena kuposa imene imadutsa pafupi ndi dziko, ndipo mu 2005 mlingowo unatsitsidwa kufika pa mamita 140. Pofika mu 2022 miyala yodziwika yodutsa pafupi ndi dziko inali itaposa 30,000, ndipo pa 26 September chaka chomwecho chombo cha DART chinagunditsidwa dala pa kamwala kotchedwa Dimorphos n'kufupikitsa nthawi imene kamazungulira mnzake wamkulu ndi mphindi zoposa 30.

A Shoemaker sanaone zimene zinachitika kuyambira mu 1998 zimenezi. Zaka zawo zomaliza ankapita ku Australia kawirikawiri ndi akazi awo kukafufuza maenje akale, pakuti nthaka ya kumeneko ndi yakale komanso youma, ndipo imasunga zipsera kwa nthawi yaitali. Pa 18 July 1997 anamwalira pa ngozi ya galimoto mumsewu wa Tanami, kumpoto chakumadzulo kwa Alice Springs, ndipo Mayi Shoemaker anavulala kwambiri koma anapulumuka. Gawo la phulusa la thupi lawo linaikidwa m'chombo cha Lunar Prospector, chimene chinagwetsedwa pafupi ndi nsonga ya kummwera kwa mwezi pa 31 July 1999, ndipo mwa njira imeneyi anafika kumene matenda anawaletsa kupita ali moyo.

Nkhaniyi si ya kutsidya kwa nyanja kokha, pakuti chigawo chathu cha Africa chili ndi zipsera zina zofunika kwambiri pa dziko lonse. Ku Vredefort, kummwera chakumadzulo kwa Johannesburg, kuli zotsalira za dzenje la zaka zoposa 2 biliyoni, limodzi mwa aakulu koposa odziwika, ndipo kugundako kunathandiza kukwirira ndi kusunga miyala ya golide ya ku Witwatersrand kuti isakokoloke. Ku Sudbury m'dziko la Canada, migodi ikuluikulu ya nickel ndi mkuwa ili m'dzenje lakale la mtundu womwewu, mfundo imene iyenera kukopa chidwi m'dziko la mkuwa ngati lathu. Pafupi ndi Grootfontein ku Namibia pagona chitsulo cha Hoba cholemera matani pafupifupi 60, chachikulu koposa zonse zodziwika zimene zinagwa kuchokera kumwamba, ndipo amalonda athu odutsa pa Nakonde ndi Tunduma popita ku Mbeya amadutsa pafupi ndi chitsulo china chachikulu cha ku Mbozi. Ndimakhulupirira kuti wophunzira wa miyala wa kuno, amene amadziwa kale kuwerenga miyala yoyalana ndi kusanthula kachidutswa kopyapyala ka mwala pa maikulosikopu, ali ndi luso lomwe lija a Shoemaker anayamba nalo, ndipo ndimadandaula kuti ambiri timawauza kuti maphunziro awo amathera pa mgodi.

Mwala wa ku Botswana uja unasonyeza zimenezi poyera. Telesikopu inauona uli kutali, makamera a m'mafamu ndi m'nyumba za alendo anajambula kuwala kwake, ndipo owerengera anaphatikiza zimenezi ndi mmene mphepo inkaombera tsikulo kuti alembe pa mapu dera limene zidutswa zinagwera, m'kati mwa Central Kalahari Game Reserve. Koma kuti zidutswazo zipezeke panafunika anthu oyenda pansi, atandandalika mzere, akuyang'ana mumchenga ndi m'maudzu a m'dera la mikango, alonda a nyama akuwaperekeza. Pa 23 June 2018, patatha milungu itatu, katswiri wa miyala wa ku Botswana International University of Science and Technology anatola kachidutswa koyamba, kolemera magalamu 18, kokhala ndi khungu lakuda lonyezimira limene linapangika pamene kankapsa mumpweya. Zidutswa zimene zinapezeka mu 2018 zinakwana 23, ndipo zinatchedwa Motopi Pan potengera dzina la pamalo omwera nyama apafupi. Zitayezedwa m'malabotale, zinapezeka kuti ndi miyala imene inasungunukapo n'kuumanso, ya mtundu wogwirizana ndi Vesta, asteroid yachiwiri kulemera pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo akatswiri anawerengera kuti mwalawo unathothoka kumeneko pamene mwala wina unagunda Vesta zaka zoposa 20 miliyoni zapitazo.